Chitini cha Chisanu

Uthenga unandipeza pa mpopi, Lachiwiri m'mawa, manja ali thovu lokhalokha, foni ikulira m'thumba la epuloni ngati kamwana ka mbuzi. Ndipukute manja, ndidine, ndione: nkhope ya Tadala, mdzukulu wanga, amene anapita kutsidya kwa nyanja kukagwira ntchito pa hotela ya m'mapiri. Ali m'chijasi, mphuno ili psuu, mpweya ukutuluka m'kamwa ngati utsi.

"Gogo, mapepala anu atuluka! Tikiti ndagula. Mukubwera kudzandisambitsira mwana akabadwa."

"Iwe Tadala, usasewere ndi mtima wa nkhalamba."

"Angidlali, gogo, sindikusewera! Taonani kumene mukubwera."

Anatembenuza foni. Mayo ine! Phiri lonse mbee ngati alithira ufa woyera, ndipo anthu, anthu akuluakulu a ndevu zawo, atamanga matabwa kumapazi, akutsetsereka kuchokera pamwamba, fyuu, fyuu, wina kugwa, wina kuseka. M'munsi mwake timidzi, nyumba zisanu apa, zitatu apo, ndi mizere ya mitengo ya zipatso itaima yopanda tsamba ndi limodzi lomwe.

Mpopi ndinausiya ukutaya madzi. Nthungululu inatuluka yokha, anthu a mzere wonse wa nyumba kuno ku Ingagula anasuzumira pa mawindo. Ndinavina ndi bondo langa lodwalali, ndinavina ndi thovu m'manja, ndipo pakati pa kuvinako pakamwa panga panafuula zimene sindinakonze: "Dorika sananame! Anganga, mwana uja sananame!"

Ine sukulu ndinaitsanzika msanga, dzanja langa linazolowera singano yolukira kuposa cholembera. Koma nkhani iyi ndiilemba ndekha, chifukwa yakhala pakhosi panga zaka makumi asanu.

Anganga ndikawatchula, mphuno ndi imene imayamba kukumbuka: mafuta otentha a mandasi, utsi wa malasha osagwira bwino moto, ndi kafungo ka sopo wobiriwira pa mpango wawo woyera. Dzina lawo anali Abiti Mdoka, Achiyao a ku Mangochi, Asilamu. Ife tinali a mpingo, a kwa Phiri, kwathu ku Ntcheu kumene sindinapondeko. Sanali agogo anga a magazi ayi. Tinkangogawana khoma m'nyumba za kampani m'komboni, muno mu Hwange, nthawi imeneyo tikuti Wanki, khoma lopyapyala loti iwo akayetsemula amayi ankayankha kuti pepani. Ankakhala ndi mwana wawo Che Yusufu, wa ku wekishopu. Maso awo anali atachita ng'ala, koma makutu, ee, makutu ankamva nyerere ikutsokomola.

Musaganize za nkhalamba yofatsa yopatsa ana maswiti. Lilime lawo linali lumo. Ine, Esnati, ankanditchula Chimiyendo, chifukwa ndinali wamtali ngati nsungwi ndili ndi zaka khumi ndi chimodzi zokha. Huta yoyamba ya ku mgodi ikalira, iwo atamaliza swala yawo, ankagogoda khoma katatu. Ndinkadzuka, kukoleza mbaula, kuwauzira mtanda ukafiira m'mafuta, kenako kusenza beseni la mandasi kupita ku geti kumene azibambo ankasinthana ntchito, iwo ali pambuyo atandigwira phewa. "Dzenje, Anganga." "Ndaliona kale ndi phazi, yenda." Zikomo sanandiuzepo. Malipiro anga anali tizinyenyeswa topserera ta pansi pa poto. Koma ine mumtima ndinkati Anganga ndi anga, anga ndekha, monga mmene mwana amanenera za chidole.

Ndiye panali Dorika, mng'ono wanga, wochepa ndi zaka zitatu. Dorika anabadwa ndi chifuwa cholira likhweru. Fumbi la malasha kuno silipempha malo: limagona pa zovala zoyanika, limalowa m'mano, limakhala m'makutu. Ife ena tinkangolimeza n'kumakula, koma iye linkamukhala pamtima. Ku chipatala ankamupatsa mankhwala a m'botolo, likhweru n'kukhala chete sabata imodzi, kenako n'kuyambanso. Sankasenza beseni, sankathamanga, sankatumidwa. Ankangokhala pa khonde, maso aakulu, mikono ngati timitengo ta machesi.

Chinali chaka chotsatira ngozi yaikulu ija ya mu mgodi, amayi ambiri m'komboni asanavule zakuda, pamene kalata inafika kuchokera ku Inyanga, ku mapiri a kum'mawa. Mwana wawo wina, Che Amidu, ankadulira mitengo ya zipatso pa munda wa mzungu kumeneko. Che Yusufu anawerenga mokweza, ine ndili pa khomo ndikutsuka poto wa mafuta. Akuti mkazi wa Che Amidu wachira, mwana wamwamuna, amayi bwerani mudzamuone pa holide ya Ogasiti.

"Ndekha sindingathe," anatero Anganga. "Nditenga mwana mmodzi wa a Phiri andigwire dzanja."

Mwana mmodzi wa a Phiri! Nanga ndani wina? Ndani ankadziwa maenje onse a m'njira? Dzuwa lisanalowe, anzanga onse a pa mpopi anali atadziwa kuti Esnati akukwera sitima, Esnati akupita ku mapiri kumene zipatso za azungu a ku hotela ya Baobab zimachokera. Ndinalonjeza maapozi kwa anthu asanu ndi atatu.

Anganga anatulutsa m'sutikesi juzi lofiira la malemu amuna awo, n'kuyamba kulimasula. Ine ndinatambasula manja, iwo akukulunga ulusi, manja mpaka kuchita dzanzi, osadandaula. Singano zawo zinali masipoko a njinga, onoledwa pa simenti ya pa khonde. Ankaluka osaona, zala zikuwerenga zokha, tiki tiki tiki, masana onse. Ndipo tsiku lililonse ankandiitana: "Chimiyendo, tembenuka." N'kuyeza pamsana panga. Pamsana panga ine! Kuno kuzizira n'kwa m'mawa wa Juni, kumathawa dzuwa likangofika pa denga, ndipo juzi lenileni ndinali ndisanavalepo. Ndinkalimva kuyabwa pakhosi, ndinkalimva kulemera, ndinkati dziko lonse landikonda.

Litatha, Lamlungu titaweruka ku tchalitchi, Anganga anabwera kwathu mwaulemu wake, kuodira pa khomo loyandikana nalo ngati achokera kutali. Amayi anayala mphasa. Abambo anavala malaya. Ine ndinakhala pa ngodya.

"A Phiri, ndabwera kudzapempha mwana. Mundibwereke Dorika."

Ndinaganiza kuti lilime lawo laterereka. Ndinadikira kuti akonze. Sanakonze.

"Chifuwa ichi sichidzatha ndi mabotolo," anapitiriza. "Chikufuna mphepo yopanda malasha. Masabata atatu akapume za kumapiri. Juzi ndamulukira, ili."

Amayi analira ndi chisangalalo. Abambo anawomba m'manja mpaka kugwada. Dorika anavala juzi langa, manja ake osaoneka, likumufika m'maondo, akumwetulira ngati mkwatibwi.

M'mawa mwake khoma linagogodedwa katatu monga mwa masiku onse. Ndinapita, koma beseni ndinaliyang'ana osalikhudza.

"Anganga, amakutsogolerani ndani tsiku ndi tsiku?"

"Iwe."

"Nanga Dorika akudziwa chiyani? Akakugwetsani m'dzenje."

"Ndikagwa ndidzuka. Iwe uli ndi miyendo, Chimiyendo, kumene ukufuna udzapita wekha. Uyu ngofunika kumunyamula."

"Ndiye munkandiyezeranji pamsana?"

"Mwana amakulira m'chovala. Senza beseni, mandasi akuzizira."

Nsanje, nsanje, kanyama kopanda mano koma kotafuna usana ndi usiku! Inandikhala m'mimba ngati ndameza khala la moto. Ndikaona Dorika akutsokomola ndinkati akuchita dala. Ndikaona amayi akumusokera diresi ndinkati ine ndine wotola. Ndinayesa kutsokomola nanenso, khoo khoo, pa chakudya, abambo anangoti, "Imwa madzi, watsamwa." Ku mpopi anzanga anapeka kanyimbo: Esnati wapita, Esnati wabwera, sitima yake ndi beseni. Ndinamenya mmodzi, amake anabwera kudzanena, ndinamenyedwa nanenso.

Tsiku la ulendo, basi ya ku Bulawayo inkanyamuka m'mawa. Juzi linali litapindidwa pamwamba pa kathumba ka Dorika, pa mpando. Amayi ali kuseri akumusambitsa, abambo apita kale pansi pa mgodi, m'nyumba muli ine ndi juzi basi. Sindinaganize nthawi yaitali ayi. Ndinalitenga, kulikulunga m'chisaka, kutsegula bini ya malasha imene kampani inkatidzazira pakhomo, kukumba ndi manja mpaka pansi, kulikwirira, kutseka. Ndinkati popanda juzi sangamutenge. Ndinkati akasowa chochita adzati, chabwino, Esnati ndi wolimba, apite Esnati.

Analifuna pansi pa bedi, analifuna m'sutikesi, amayi anakutumula mphasa zonse, Dorika akulira, likhweru likulira naye. Ine ndinafuna nawo, ndinafuna kwambiri kuposa onse. Anganga anaima pa khomo ndi ndodo yawo, nkhope italoza kumene ndinali. Kenako anati:

"Basi sidikira juzi. Dorika, gwira dzanja."

Anapita. Ndinawaona akuchepa mu msewu wakuda uja, nkhalamba yosaona ndi kamwana ka diresi lopyapyala, ndipo ngakhale pamenepo, Mulungu andikhululukire, chimene chinkandiwawa n'chakuti dzanja limenelo silinali pa phewa langa.

Masabata atatu amenewo anali chaka. Mandasi kunalibe, khoma silinagogodedwe, ndinkadzuka ndekha ndi huta n'kumangoyang'ana denga. Ndinkawerengera kuti pano ali m'sitima, pano adutsa Halale, pano akudya apozi, apozi langa. Ndiyeno tsiku lina madzulo abambo anabwera ndi mnzawo, a Nyirenda, amene anagwirapo ntchito yocheka matabwa ku mapiri komweko. Amayi anawafunsa za nyengo.

"Ogasiti? Aa, mayi, kumeneko madzi a m'ndowa amagona madzi n'kudzuka mwala. Mbuzi timazilowetsa m'nyumba. Koma mwamuveka zokwanira mwanayo?"

Amayi anaika mbale pansi n'kutuluka panja. Ine ndiwo zinandiwawira m'kamwa. Kuyambira tsiku limenelo ndinali ndi tinyama tiwiri m'mimba, nsanje ndi mantha, ndipo tinkalumana. Wamtengatenga akadutsa ndi njinga ndinkathawira kuseri, kuopa kalata yoti Dorika wafa ndi chisanu. Akadutsa osaima, nsanje inkadzukanso: ali moyo, akudya maapozi.

Komanso malasha m'bini ankatsika tsiku ndi tsiku, amayi akupala ophikira. Nditaona kuti chisaka chatsala pang'ono kuonekera, ndinachifukula masana amayi ali ku msika. Juzi lofiira linali litasanduka lakuda bii. Ndinalichapa ndi madzi otentha, kulipikicha ndi mphamvu zanga zonse, ndipo linafota, linalimba ngati chikopa, mtundu wake ngati chiwindi. Koma ndinalivala. Ee, ndinalivala! Kuseri kwa chimbudzi, dzuwa la Wanki lili paliwombo, ndinadzikankhira m'juzi lofota lija, thukuta likuyenderera mpaka m'miyendo, ndikunena ndekha kuti ndi langa, ndi langa, anayeza pamsana panga. Kenako ndinalibisa pa denga la chimbudzi, pansi pa lata lotayidwa.

Anabwera Loweruka masana. Woyamba kumuona anali amayi, ndipo anakuwa ngati aona mzukwa wabwino. Dorika ankathamanga! Dorika wathu, ankathamanga kuchokera pa msewu, masaya atatupa, atafiira, atavala chinthu chachilendo: bulangete la Anganga, lija lokhalo limene anatenga, ataliboola pakati kuti mutu utulukire, n'kulimanga m'chiuno ndi chingwe. Pambuyo pake Anganga ankabwera pang'onopang'ono, mpango wokha pa mapewa, ataonda, akuima pa mtengo wa magetsi uliwonse kuti atsokomole.

Khonde lathu linadzaza. Maapozi anali m'kathumba ka ufa, ang'onoang'ono, okwinyika khungu chifukwa anali osungidwa kuchokera pa kukolola, koma fungo lake linadzaza nyumba. Amayi anawadula tizidutswa kuti akwanire onse. Ndipo Dorika, amene kale sankatha kumaliza mawu atatu osapuma, anaima pakati ngati mlaliki.

Akuti basi inakwera, inakwera, mpaka makutu anatseka. Akuti kumeneko kulibe komboni, kuli timidzi topachikika m'mbali mwa phiri, nyumba zinayi apa, zisanu uko, ndipo anthu akafuna moto amaitanizana kudutsa chigwa, mawu n'kubwerera kawiri. Akuti mitambo imalowa m'nyumba ukasiya chitseko. Akuti utsi wake umanunkhira nkhuni, ndipo ukayanika nsalu yoyera umaianula yoyera. Akuti mitengo ya mapichesi inali yopanda masamba ngati yakufa, koma yodzaza maluwa ofiirira, mizere mizere mpaka kumene diso lathera, njuchi zikulira ngati injini, Che Amidu akuyenda pakati ndi lumo lawo lalikulu.

"Bodza," ndinatero ndili pa ngodya. Palibe anandimva.

Akuti pamwamba pali hotela, kumene azungu amabwera dala kudzamva kuzizira, kukwera akavalo, kuwedza nsomba n'kuziponyanso m'madzi. Wophika wake anali wa kwathu, wa ku Dedza, ndipo anawalowetsa ku khitchini kukamwa tiyi. Pa khoma panali chithunzi cha kalendala: phiri la kunja loyera lonse, anthu atamanga matabwa kumapazi akutsetsereka. Wophikayo anati ndi masewera awo, amalipira kuti agwe.

"Bodza!" Apa ndinakuwa. "Munthu wamkulu angamange thabwa kuphazi? Wanama, Dorika!"

"Sindikunama, achemwali. Ndipo ndakutengerani chinthu. Cha inu nokha."

Anapisa m'kathumba kake n'kutulutsa chitini cha jamu, chotsekedwa bwino, chokulungidwa m'kansalu, chomangidwa ndi luzi mfundo zitatu. Anachigwira ndi manja awiri. Anati m'mawa uliwonse udzu wa kumeneko umadzuka woyera ngati wathiridwa mchere, ukaupondapo umalira khirichi khirichi, ndicho chisanu chenicheni. Anati tsiku lonyamuka analawira, n'kupala ndi supuni pa udzu ndi pa matabwa a mpanda, zala zikuwawa, mpaka chitini kudzaza, kuti achemwali amene anatsala aone nawo. Ulendo wonse, basi, sitima, basi, anachifukata pamimba kuti chisabedwe.

Anthu anasendera pafupi. Ndinamasula mfundo, ndinatsegula.

Madzi. Timadzi tofunda pansi pa chitini, ndi tiudzu tiwiri tikuyandama.

Khonde lonse linaphulika ndi phwete. A Nyirenda anagwira m'mimba. Dorika anasuzumira m'chitini, anayang'ana pansi pake ngati chabooka. "Chinalimo, achemwali. Chinali choyera."

Ndikanatha kumukumbatira. Ndikanatha kumwa timadzito. Koma kanyama kaja kanali kasanakhute. Ndinati, "Madzi tili nawo pa mpopi," n'kuthira pansi pamaso pake. Fumbi lakuda linamwa kamodzi. Dorika sanakuwe, anangokhala pansi m'bulangete lake lobooka n'kubisa nkhope. Anganga, ali pa mphasa, anatembenuzira khutu kwa ine, n'kutsokomola.

Lolemba khoma linagogodedwa katatu. Ndinasenza beseni, dzanja linabwerera pa phewa langa, koma linali lopepuka, lotentha. Titadutsa nyumba zomaliza, pamene njira imapita yokha pakati pa milu ya phulusa, anati:

"Linakukwana?"

Ndinaima pakati pa njira.

"Chiyani, Anganga?"

"Usandiyese mwana. Maso ndilibe, koma chivindikiro cha bini yanu ndimachidziwa kulira kwake. Chinalira kawiri m'mawa uja, ndipo moto kwanu unali utayaka kale."

"Bwanji simunanene?"

"Ndikananena, amako akanakumenya, Dorika akanalirira iwe, basi ikanatisiya. Ine ndinkafuna chifuwa cha mwana, osati mlandu." Anatsokomola nthawi yaitali, atatsamira pa ine. "Bulangete linagwira ntchito. Ine ndinkagona pafupi ndi mbuzi, n'zofunda bwino, kungoti n'zopanda ulemu."

Ndinalira beseni lili pamutu, misozi ikutsikira m'khosi. Sanandipukute.

"Kulira sikuluka juzi. Madzulo ubwere nalo."

Ndinabwera nalo. Analifufuza ndi zala, n'kuliponya pa miyendo panga. "Masula." Ulusi wofota sumasuka mwaulemu: umaduka, umakana, umacheka zala. Ndinamasula sabata yathunthu, kulumikiza mfundo ndi mfundo. Kenako anandipatsa masipoko aja. Ndikalakwitsa diso limodzi ankalipeza ndi chala, n'kusolola mzere wonse. "Bwereza, Chimiyendo. Manja amene anakwirira ndi omwewo afukule." Ndinaluka kuseri kwa khoma lawo miyezi iwiri, ndipo sanauze munthu, ngakhale Che Yusufu. Linatuluka laling'ono, dzanja lina lalitali, la mfundo ngati chingwe cha mbuzi. Ndinakapatsa Dorika n'kunena kuti Anganga apeza ulusi wina. Analivala Juni aliyense mpaka linathera pathupi.

Chifuwa cha Dorika sichinathe chonse, koma chinagonja. Chaka chotsatira anapitanso yekha kwa Che Amidu, nkhondo isanatseke njira za kumeneko, ndipo anakula, anabereka ana asanu ndi mmodzi. Koma chifuwa cha Anganga sichinachoke. Anatisiya mvula yachiwiri itagwa. Anthu anati ndi ukalamba. Kapena ndi ukalamba. Ine sindinafunse dokotala, ndipo funso limenelo ndagona nalo ndadzuka nalo. Anandisiyira masipoko awiri. Ndi manja omwewo ndaluka majuzi a sukulu a ana a Hwange yense, ndi majuziwo ndinaphunzitsa amake a Tadala, ndi Tadala yemwe. Koma phiri, phiri sindinalikwerepo. Miyendo ndinali nayo, inangothera pa msika ndi pa mpopi. Ndipo nthawi zonse Dorika akayamba, "Ife ku Inyanga," kanyama kaja, kokalamba, kopanda ubweya, kankatukulabe mutu.

Ndiye Lachiwiri lija, mbiri itamveka, anthu anadzaza pakhomo. Dorika anafika masana pa khombi, ndi ndodo yake ndi kachikwama, imvi mbuu. Ndinamukhazika pa mpando wabwino, ndinamuikira foni m'manja, Tadala atatumiza kanema.

"Ona matabwa ako aja. Sunaname, mng'ono wanga."

Anayang'ana, anayang'ananso. "Ndiye mukupita kumeneku inuyo? Kwenikweni? Ine ndinangoona pa kalendala." Anakwinya pakamwa. "Nanga bondo lanulo akalola m'ndege?"

Ndinaidziwa nkhope imeneyo! Inali nkhope yanga ya pa ngodya! Ndinaseka mpaka misozi, ndinaimba kuti nsanje yasamuka, yasamuka, yapeza nyumba kwa Dorika. Koma kuseka kutatha, pamaso pa anthu onse, ndinagwada ndi bondo lodwalalo n'kunena za bini ya malasha, za chisaka, za denga la chimbudzi. 

Dorika anapukusa mutu. "Achemwali, mumayesa ndinali chitsiru? Juzi lija linkanunkha malasha mpaka tsiku limene linang'ambika. Ndipo Anganga sakanaluka dzanja lina lalitali."

"Ndiye bwanji unkalivala?"

"Munaluka inu. Dzukani, mukundichititsa manyazi. Mlandu wa juzi unatha kale. Umene sunathe ndi uwu."

Anatsegula kachikwama n'kutulutsa chitini cha jamu, chatsopano, chotsukidwa, ndi kansalu ndi luzi lake.

"Munanditayira changa. Mukadzaze, mubwere nacho."

"Iwe Dorika, chidzafika madzi."

"Ndikudziwa. Ine ndidzamwa."

Chitinicho chili m'sutikesi pano, pamwamba pa kajuzi kofiira ka mwana wa Tadala, manja ake ofanana bwinobwino, pambali pa masipoko awiri a njinga. Anganga, Abiti Mdoka, Chimiyendo wanu wanyamuka. Mochedwa, koma ndi miyendo yake.

Ndipo amene anabwera kudzavina nane tsiku limenelo, ndiwatchule asadzati ndinawaiwala: anabwera a Nabanda a kwaya ndi chisekese chawo, anabwera MaNcube wa tomato atasiya tebulo lopanda mwini, anabwera a Shoko opuma ntchito ndi wailesi yawo yosalira, anabwera Abiti Yusufu, mdzukulu wa Anganga, ndi beseni la mandasi otentha, anabwera Che Amidu wamng'ono, mwana uja anabadwira ku mapiri, lero ndi wa imvi, anabwera a Nyirenda aang'ono ndi akazi awo, anabwera Filesi, Agnesi ndi Loveness, aja ankandiimba pa mpopi, anabwera mwana wanga Grace, amake a Tadala, akulira ndi kuseka pamodzi. Ndipo womaliza kudzuka pa mpando, woyamba kutopa, koma wovina pafupi ndi ine atandigwira phewa, anali Dorika.